Buloko Imene Sankhani Anakumba

A Enoch Miti anaphunzitsa masamu ku Chiparamba mpaka mutu wonse unayera. Ambiri mwa anthu amene lero akugulitsa mbewu mumsika wa Kapata, kuyendetsa magalimoto a thonje kapena kukhala m'maofesi a ku Chipata anadutsa m'manja mwawo, ndipo mpaka pano akakumana nawo panjira amatsika panjinga n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Ndi munthu wamtali, wochepa thupi, wosachuluka mawu. Bambo awo anali kalaliki wa amishoni, ndipo anawalera ndi mfundo yakuti ntchito ya munthu wolongosoka iyenera kuoneka ndi maso: uphunzitse mwana awerenge, uchize wodwala adzuke, ulime munda anthu aone nkhokwe.

Akazi awo, a Peggy, anamwalira ana awo awiri asanakule. Tryness anali atangoyamba sekondale, pamene Sankhani anali akadali kamnyamata. Akulu a mpingo wa Reformed anayesa kangapo kuwaunikira kwa amayi ena amasiye, koma a Miti ankangothokoza n'kusintha nkhani. Anaphunzira okha kupalasa makina osokera amene a Peggy anasiya, ndipo mayunifomu a ana awo ankasoka okha, ngakhale kuti mikono ya malaya inkatuluka wina wautali wina waufupi.

Tryness sanawavute. Anamaliza sukulu, n'kupeza ntchito ya ukalaliki ku Chipata, n'kukwatiwa. Sankhani ndiye anali wina. Chilichonse chokhala ndi waya ankachimasula kuti aone zam'kati: wailesi, tochi, belu la njinga, mpaka wotchi ya pakhoma ya kutchalitchi, imene anaibwezera ikuyenda bwino kuposa kale. Mayeso anakhoza bwino, ndipo bambo ake anali atamukonzera kale njira ya ku koleji ya aphunzitsi. Iye anakana. Anapita kumsika wa Kapata ku Chipata kukakonza mafoni pa kashopu ka mnzake wa kusukulu, Malcolm. Ndi bambo ake sanakangane, chifukwa a Miti sankadziwa kukangana. Ankangokhala chete, ndipo chete wawoyo ankamulemera Sankhani kuposa ndodo. Akabwera kumudzi ankapatsana moni, n'kufunsana za mvula ndi za mbuzi, basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Zinakhala choncho kwa zaka zingapo, mpaka tsiku lina Sankhani anabwera ndi nkhani yakuti wapeza ntchito ku Ethiopia. Anawapeza bambo ake pakhonde masana akusenda mtedza, n'kukhala nawo pansi kuwathandiza. Anati kampani ina kumeneko ili ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makina okumba ndalama za pa intaneti zotchedwa Bitikoini, ndipo ikufuna anthu odziwa kukonza makinawo akapsa kapena akadzaza fumbi. A Miti anafunsa kuti dzenje lake lili kuti. Sankhani anaseka n'kufotokoza kuti palibe khasu kapena dzenje. Makina a padziko lonse amapikisana kupeza yankho la samu imodzi yovuta. Amene ayamba kulipeza ndi amene amatseka tsamba la malonda onse a nthawi imeneyo, tsamba limene amalitcha buloko, n'kulandira mphoto. Kenaka samu ina imayamba, mpikisano n'kuyambiranso. Kumeneko ndiye amati kukumba.

Atamva mawu akuti samu, a Miti anasiya kusenda. Anafunsa njira imene makinawo amatsata kuti afike pa yankho. Sankhani anati njira palibe, makinawo amangoyesa nambala iyi, ikakanika n'kuyesa ina, mofulumira kwambiri, mpaka imodzi itagwa pamalo pake.

"Samu yopanda njira si samu, mwana wanga," anatero a Miti. "Imeneyo ndi juga."

Sankhani anatenga foni ya bambo ake, imene Tryness anawagulira, n'kutsegula malo ena a pa intaneti pamene mabuloko ankaoneka atandandalika ngati njerwa, yatsopano ikubwera kumapeto mphindi zingapo zilizonse. Pansi pa buloko iliyonse panali dzina la amene waikumba. Anawalozera dzina lina lalifupi, lachilendo, n'kunena kuti limenelo ndi la gulu limene makina a kampani yake amakumbira. Anafotokoza mosabisa kuti dzinalo si lake, ndiponso si la kampani. Anati zili ngati kopaletivu ya alimi: chimanga chikafika kumsika, thumba limadziwika ndi dzina la kopaletivu, osati la mlimi aliyense amene anathiramo chidebe chake. Makina a m'maiko ambiri amaphatikiza mphamvu pansi pa dzina limodzi, n'kugawana zimene apeza. A Miti anayang'ana pang'ono, n'kuika foni pambali, n'kupitiriza kusenda mtedza. Pomuperekeza kumsewu wa ku Mfuwe kuti akwere galimoto, anangomuuza kuti akapeze tchalitchi kumeneko.

Sankhani ankaimba foni Lamulungu lililonse anthu akatuluka m'mapemphero. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka chiphokoso ngati cha chigayo, ndipo iye ankati ndi mafani oziziritsa makina, amene sapuma usana ndi usiku. Nkhani zawo zinali zazifupi monga kale. Koma nyumba ya ku Chiparamba inali itakula kwambiri kwa munthu mmodzi, ndipo m'mawa wina, tiyi ali pamoto, a Miti anatsegula malo aja a mabuloko. Dzina lija silinalipo. Anadikira, buloko ina n'kubwera ndi dzina lina. Itabwera yotsatira, dzina lija linaonekera pansi pake, ndipo iwo anadabwa kumva mtima wawo ukudumpha ngati mwana wawo walowa pakhomo.

Chinasanduka chizolowezi. Asanapite kudimba ankayang'ana, pobwerako ankayang'ananso. Sanauze munthu. Lamulungu lina, nkhani ya mvula itatha, anangopezeka atanena kuti aona dzina la gulu lija kangapo m'mawa umenewo, zikuoneka kuti anyamata akugwira ntchito. Sankhani anaseka, kuseka kumene bambo ake anali asanakumve chimwalirire a Peggy. Kuyambira tsiku limenelo nkhani zawo zinatalika. Sankhani ankasimba za kuzizira kwa kumapiri, za buledi wowawasa wa kumeneko amene m'mimba mwake munakana kumuzolowera, za makina amene anawadzutsa anthu ena atawataya kale. A Miti ankafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu, ndipo sanatchulenso za juga.

Chaka china kunagwa chilala, ndipo chimanga chitauma chisanabereke, Sankhani anaimba n'kunena kuti akumutumiza kumalo atsopano a kampaniyo, kutali ndi mzinda, pafupi ndi damu. Anati netiweki kumeneko ndi yovuta, choncho asadandaule akakhala chete kwa kanthawi. Analonjeza kuti abwera kumudzi mvula ikadzayamba. A Miti anamuuza kuti ayende bwino.

Poyamba sanadandaule. Lamulungu linadutsa, linanso n'kudutsa. Mwezi unatha, wina n'kutha. Foni ya Sankhani inali yozimitsa. Tryness anayamba kuyendayenda. Analembera kampaniyo, ndipo yankho linabwera lakuti munthuyo salinso pamalo awo akale ndipo afufuza. Anapita ku Lusaka, m'maofesi oona za anthu amene ali kunja, anthu n'kumulandira bwino, n'kulemba dzina la mlongo wake, n'kumuuza kuti adzamuimbira. Anabwerako atawonda.

A Miti anakakamira mabuloko. Chaka chimenecho malaiti ankazima nthawi yaitali m'dziko lonse, ndipo akazima netiweki ya ku Chiparamba inkathawira limodzi. Iwo ankatchaja foni pa kasola ka padenga, n'kuyenda mpaka pa chulu chachikulu kuseri kwa sukulu imene anaphunzitsapo, pamene netiweki inkagwirako pang'ono. Ankaima pamenepo dzuwa likuwawotcha, foni ili m'mwamba, mpaka dzina lija litaonekera. Likaonekera ankatsika n'kubwerera kunyumba, n'kudya. Tsiku limene netiweki yakaniratu, chakudya sichinkalowa. Anthu ankawaona pachulupo n'kumanong'onezana, koma palibe amene analimba mtima kuwafunsa. Kutchalitchi akafunsidwa za mwana wawo ankayankha kuti ali bwino, ntchito ikuyenda.

Tryness atamva zimenezi anabwera kumudzi. Anawapeza akutsika pachulu, ndipo anayenda nawo mpaka kunyumba asananene kanthu. Atakhala pansi anati, "Atate, dzina limenelo silikunena kuti Sankhani ali moyo. Mukudziwa, eti?"

"Ndikudziwa, mama. Anandiuza yekha," anayankha a Miti. "Koma ndikaleka kuyang'ana apa, ndiziyang'ana kuti?"

Tryness anawaphikira, n'kuwachapira zovala, n'kubwerera ku Chipata m'mawa mwake.

Komabe mawu a mwana wawo wamkaziyo anawakhala mumtima. Anaganiza kuti ngati buloko imasonyeza dzina la gulu, mwina munthu wodziwa akhoza kulowa m'kati mwake n'kupeza makina enieni amene anaikumba, ndi malo amene makinawo ali. Akanangodziwa kuti makina a pafupi ndi damu lija akuyenda, akanadziwa kuti pali wina amene akuwasamala. Anavala jekete la kutchalitchi n'kukwera galimoto ya ku Chipata, ulendo wa kwa Malcolm.

Malcolm nayenso anaphunzira masamu kwa a Miti. Atawaona anaimirira, n'kupukuta mpando ndi malaya ake, n'kutseka chitseko cha shopu kuti makasitomala asasokoneze. Anatsegula buloko imodzi pa kompyuta n'kuwasonyeza mzere woyamba, umene wokumba amalembapo mphoto yake. M'kati mwa zilembo ndi manambala osokonekera munali dzina lija, litatchingidwa ndi timizere tiwiri. Anati chizindikiro chimenecho wokumba amachiika yekha mwa kufuna kwake, ngati mmene woumba njerwa amadindira chala chake. Anawasonyezanso nambala yaitali ya thumba limene mphotoyo imagwera, n'kunena kuti anthu akaiona ikubwerabwera amazindikira kuti ndi ya gulu lakutilakuti. Njira zodziwira wokumba ndi zimenezo, ndipo zonse ziwiri zikasowa amangolemba kuti wosadziwika.

A Miti anavala magalasi n'kuloza manambala amene anatsatira dzinalo. Anafunsa ngati m'menemo mulibe nambala ya makina kapena ya dziko. Malcolm anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati munthu wakunja sangawerengemo zimenezo. Amene amadziwa kuti ndi makina ati apeza yankho ndi eni gululo okha, pamodzi ndi kampani ya makinawo. Anagwirizana zowalembera eni gululo, a Miti akunena mawu, Malcolm akutayipa. Yankho linabwera sabata yomweyo, laulemu ndithu. Eni gululo anapepesa, n'kunena kuti za makasitomala awo sauza munthu wina, komanso kuti iwo amadziwa makina okha, osati anthu amene amawapukuta fumbi.

Mvula inayamba, Sankhani osabwera. A Miti anabzala chimanga ndi mtedza monga mwa nthawi zonse. Kupita pachulu sanasiye, koma kutchalitchi anasiya kunena kuti ali bwino. Ankangoti, tikudikira.

Chimanga chitayamba kucha, masana ena ali kudimba anaona anthu atatu akubwera m'kanjira ka kumsewu. Patsogolo panali Malcolm, pakati mlendo wamfupi wonyamula chikwama, ndipo kumbuyo kwenikweni Tryness, atavala chitenje ndi duku pa tsiku la ntchito. A Miti anaika khasu pansi, n'kusamba m'manja pachitsime mosafulumira, n'kupita kukatulutsa mipando.

Mlendoyo anali Harrison Mulenga wa ku Kitwe, amene ankagwira ntchito ndi Sankhani ndipo ankagona naye chipinda chimodzi. Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chibemba, koma zonse zinamveka. Anati Sankhani sanafike n'komwe kumalo atsopano aja. Basi imene anakwera inagubuduzika m'mapiri tsiku lomwelo limene ananyamuka. Chikwama chake cha mapepala ndi foni sichinapezeke. A kumalo akale ankayesa kuti wayamba ntchito kwatsopano, a kwatsopano ankayesa kuti wasintha maganizo n'kubwerera kwawo, monga ankachitira ena. Anthu a m'tauni yaing'ono ya pafupi ndi pangozipo anasunga mtembo wake kwa kanthawi, ndipo posowa mwini wake anauika m'manda a tchalitchi chawo. Harrison anadzadziwa zonsezi patapita miyezi yambiri, naye atatumizidwa kudamuko n'kupeza kuti mnzake sanamuonepo. Anayenda kufunsa m'njira monse mpaka anthu ena anamusonyeza chithunzi cha mlendo amene anamuika. Ntchito yake itatha, anakumbukira kuti Sankhani ankatchula shopu ya ku Kapata, ndipo anabwera yekha chifukwa nkhani yotere sanafune kuinena pa foni.

Anatulutsa m'chikwama juzi ya Sankhani ndi kabokosi ka zida zokonzera makina, zimene anasiya m'chipinda chawo chija, komanso kabotolo ka dothi lofiirira limene anatapa pamandapo. Tryness analira chogwa pansi, amayi a m'nyumba zoyandikana n'kuthamangira. A Miti analandira kabotoloko ndi manja awiri. Chimene chinawabwerera m'mutu ndi masiku onse aja a pachulu. Nthawi yonse imene dzina lija linkaonekera, iwo n'kutsika kukadya ndi mtima wokhazikika, mwana wawo anali atagona kale m'dothi la eni ake. Makina sanaime ngakhale pang'ono.

Harrison anakhala nawo masiku onse a maliro. Tsiku lina m'mawa, anthu atachepa, a Miti anamuitanira pakhonde n'kumupempha kuti awauze mmene mwana wawo ankagwirira ntchito. Harrison anati Sankhani ankasamala mzere wake wa makina ngati ng'ombe za m'khola, ndipo ankazindikira ndi khutu lokha kuti fani yakuti yatsala pang'ono kufa. Anati ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza m'kati mwa chiphokosocho, podziwa kuti palibe akumumva. Kenaka anakumbukira chinthu china. Tsiku lina bwana wawo anaitana onse n'kuwasonyeza pa kompyuta ya kampani uthenga wochokera ku gulu lija, wakuti buloko ina yakumbidwa ndi makina a pamalo pawo. Zotere sizichitika kawirikawiri. Atayang'ana nambala ya makinawo anapeza kuti anali a mumzere wa Sankhani, amodzi mwa aja anawadzutsa atatayidwa. Panalibe mphoto yapadera kwa iye, koma anavina pakati pa makina anzake akumuombera m'manja.

A Miti anafunsa chifukwa chake mwana wawo sanawauze.

"Ankati adzakusonyezani yekha, Atate, pa foni yanu yomweyo, akadzabwera," anatero Harrison. "Nambala ya bulokoyo anailoweza pamtima."

"Nanga inu mukuikumbukira?"

Harrison anaweramitsa mutu. Anati akungokumbukira kuti inali nyengo ya mvula ya kumeneko, imene kuno imakhala ya chisanu, chilala chija chisanafike. Tsiku lake, ngakhale mwezi weniweni, zinamuthawa.

Maliro atatha a Miti, Harrison ndi Malcolm anapita ku shopu ija. Anabwerera m'mbuyo pa kompyuta mpaka miyezi ya chisanu ija, n'kusankha mabuloko okhala ndi dzina la gululo. Anatuluka ambirimbiri, mzere wosatha, onse ndi chizindikiro chimodzimodzi ndi thumba limodzimodzi. Harrison anayesa kuimbira bwana wawo wakale, koma anali atachoka pakampanipo, ndipo wolowa m'malo mwake sankadziwa kanthu. A Miti anatsitsa mzerewo ndi chala chawo kwa nthawi yaitali, akuwerenga nambala iliyonse ngati akuitana maina m'kalasi. Imodzi mwa imeneyo inali ya Sankhani, ndipo n'kutheka kuti tsiku limene inakumbidwa iwo anaiona pa foni tiyi ali pamoto, osadziwa. Potsiriza anavula magalasi n'kuuza anyamatawo kuti azimitse, ayesetsa mokwanira.

Dothi lija analikwirira kumanda a kwawo, abusa atapemphera, ndipo anaikapo mtanda wokhala ndi dzina. Tryness wakhala akuwachonderera kuti asamukire kwa iye ku Chipata, koma iwo amati adikire akolole kaye, ndipo akakolola amati adikire abzale. Maso ayamba kuwavuta, moti nyimbo za m'buku amaimba za pamtima zokha. Harrison anapeza ntchito ya zamagetsi ku Kitwe ndipo amawaimbira foni nthawi ndi nthawi. Amawatchula kuti Atate, iwo n'kumamufunsa ngati akudya bwino, ndiponso kuti adzabwera liti ndi mkazi woti amuone.